Chaka chimene chikho chinakwera ku Songo

Mukafunsa munthu wa kuno kumalire kuti amachemerera timu iti, kawirikawiri yankho lake limawoloka mpaka ku Malawi. Wina akuuzani kuti iye ndi wa Bullets, wina ndi wa Wanderers, ndipo anyamata a masiku ano akutchulirani matimu a ku England amene amawaonera pa kanema m'tinyumba ta pamsika. Amene angakutchulireni timu ya kuno ku Moçambique ndi owerengeka. Zimenezi si zochititsa manyazi ayi, zili ndi chifukwa chake, ndipo ambiri a inu owerenga mukuchidziwa bwino kuposa ine. Koma lero ndikufuna tikumbutsane za chaka cha 2017, pamene timu ya União Desportiva do Songo inatenga chikho cha Moçambola, ligi yaikulu ya dziko lathu, ndi kuchibweretsa m'chigawo chino cha Tete kwa nthawi yoyamba.

Tiyambe ndi chifukwa chija. Pa nthawi ya nkhondo, anthu a ku Angónia, Tsangano, Macanga ndi maboma ena tinathawira ku Dedza, ku Ntcheu, ku Mwanza ndi madera ena a dziko la Malawi. Tonse pamodzi ndi abale athu ochokera m'zigawo zina tinalipo pafupifupi miliyoni imodzi. Ine ndinali mnyamata wamng'ono, ndipo mpira ndinaudziwira kumeneko. Tinkamenya chikulunga pa fumbi ndipo Loweruka kapena Lamulungu masana tinkaunjikana pa wayilesi ya munthu aliyense amene anali ndi mabatire. Wayilesi ya MBC inkaulutsa mpira m'chilankhulo chathu chomwechi, motero maina a Lawrence Waya, Young Chimodzi ndi Ernest Mtawali anatilowa m'mutu tisanadziwe n'komwe kuti ku Maputo kuli matimu otchedwa Costa do Sol ndi Maxaquene. Mtendere utasayinidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, tinayamba kubwerera kwathu, pakuti madzi saiwala khwawa. Tinasenza miphika, makasu ndi malata, ndipo m'katundu yemweyo tinanyamulamonso matimu athu a ku Blantyre.

Ngakhale popanda nkhondo, mtunda wokha ukadatichititsa chimodzimodzi. Kuchokera ku Ulónguè, munthu amafika ku Dedza pa njinga ndi kubwerako tsiku lomwelo. Koma kuchokera mu mzinda wa Tete kupita ku Maputo ndi makilomita oposa 1,500. Tsono mpira wa dziko lathu unali ngati ukwati wa kumudzi wakutali, womwe umangomva ng'oma zake mphepo ikawombera kwanu.

Ndipo chikhocho chinali chokonda kumudzi kumeneko. Ligi ya dziko inayamba m'chaka cha 1976, titangolandira ufulu, ndipo oyamba kuitenga anali Textáfrica a ku Chimoio. Kuchokera pamenepo mpaka 2016, chikho chinatuluka m'dera la Maputo kanayi kokha: 1976 ku Chimoio, 1981 pamene Têxtil do Púnguè a ku Beira anapambana, 2004 pamene chinapita kwa Ferroviário de Nampula, ndi 2016 pamene Ferroviário da Beira anachitenga. Zaka zina zonsezo ankangopatsirana Costa do Sol, Ferroviário de Maputo, Desportivo, Maxaquene, Matchedje ndi Liga Muçulmana. Mwana wa ku Tete anabadwa, kukula mpaka kukwatira asanamvepo kuti timu ya kwawo yakhala pamwamba pa dziko lonse.

M'chaka cha 2017 ligi inali ndi matimu 16, ndipo timu iliyonse inayenera kusewera masewero 30, theka pakwawo, theka koyenda. Yopambana imalandira mapointi 3, zikathera mofanana aliyense amatenga pointi imodzi, yogonja imabwerera chimanjamanja. Chigawo chathu chinali ndi matimu awiri, Songo ndi Chingale ya mu mzinda wa Tete. Ena anali ochokera ku Lichinga, Nacala, Nampula, Quelimane, Beira, Chimoio, Vilankulo, Chibuto ndi Maputo. Mukayang'ana malo amenewa pa mapu a kusukulu muona kuti ligi imeneyi si ya masewera. Dziko lathu ndi lalitali kwambiri, ndipo matimu amayenda pa ndege chifukwa pa basi osewera akhoza kufika miyendo itatupa. Timu yopita ku Songo imatera pa bwalo la ndege la Chingodzi ku Tete, ndipo kuchokera apo imayenda makilomita pafupifupi 150 pa galimoto, kumaliza ndi chikweza chokhotakhota chokafika pamwamba pa phiri pamene pali tauniyo. Alendo ambiri ankafika atatopa kale.

Songo sinatulukire mwadzidzidzi ngati bowa. Chaka cha 2016 inali itatenga kale Taça de Moçambique, chikho cha mpikisano wa chipulula, ndipo mu ligi inalimbana kwambiri ndi Ferroviário da Beira. Pofika 2017 mphunzitsi wa timuyi anali Chiquinho Conde. Dzina limeneli ife a zaka zanga timalidziwa, chifukwa pamene timu ya dziko lathu, Mambas, inakasewera chikho cha Africa ku South Africa m'chaka cha 1996, maina oyamba a osewera a Moçambique amene tinawaloweza anali awiri, Chiquinho Conde ndi Tico-Tico. Conde anabadwira ku Beira, anasewera ku Maxaquene, kenaka anapita ku Portugal kumene anavala malaya a Belenenses, Sporting ndi Vitória de Setúbal. Kumva kuti munthu wotero wabwera kudzaphunzitsa timu ya m'chigawo chathu kunatichititsa ena a ife kutembenuza singano ya wayilesi kuchoka ku Blantyre kuloza ku Tete.

Ligi inayamba mvula ili kumapeto, tikudya chimanga chachiwisi, ndipo inatha m'nyengo yotentha, tikusosa m'minda. M'miyezi yonseyo tinali ndi kagulu kathu ka anthu osapitirira khumi ndi awiri, kokumana pakhonde la golosale ina m'mudzi mwathu. Mwini golosaleyo anali ndi kawayilesi kotchajira pa sola. Mpira wa Moçambola umaulutsidwa m'Chipwitikizi, ndipo oulutsa ake amalankhula ngati akuthamangitsidwa ndi njuchi. Akuluakulu ambiri amene anaphunzira sukulu ku Malawi sankatolapo kanthu kupatula mawu oti golo. Tsono ntchito yomasulira inagwera ana a sukulu ya sekondale. Zinali zokoma kuona gogo wa imvi akukoka mdzukulu wake malaya nafunsa kuti, "Iwe, akuti chiyani pamenepo? Wagoletsa ndani?" Mwanayo, amene masiku ena onse amangotumidwa kukatunga madzi, tsiku limenelo ankapatsidwa mpando.

Pa gulu lathulo panali malume anga, munthu wa Wanderers wosasunthika, amene ankabwera kudzangotsutsa. Tsiku lina Songo itapambana tonse tikuwomba m'manja, iwo anafunsa mofatsa.

"Aphwanga, mukuvina chiyani? Pa anyamata akuthamanga m'bwalomo, wa ku Dómuè ndi uti? Wa ku Tsangano ndi uti? Imeneyo ndi timu ya kampani. Agula osewera ku Maputo ndi kwina, awapatsa nyumba ndi malipiro, inu muli pano kumati yathu, yathu."

Mwini golosale anawayankha kuti, "Nanga malume, ku Wanderers kuja wa ku Dómuè ndi uti?"

Tonse tinaseka, malume nawo anaseka. Koma funso lawo linanditsalira, ndipo ndi limene landichititsa kulemba nkhani ino. Kodi timu imakhala yathu chifukwa chiyani?

Malume sananame pa za kampani. Timu ya Songo ndi mwana wa damu la Cahora Bassa, ndipo kale inkadziwika ndi dzina la kampani ya damulo, HCB. Damu limeneli anayamba kulimanga Apwitikizi pa mtsinje wa Zambezi m'chaka cha 1969, ndipo madzi anayamba kudzaza mu Disembala 1974. Anthu ambiri a m'mbali mwa mtsinje anasamutsidwa, minda ndi manda a makolo awo zinamira. Makina ake asanu amatulutsa magetsi okwana mamegawati 2,075, ndipo nthambo zake zimayenda makilomita pafupifupi 1,400 kukafika ku South Africa, kumene kumagulitsidwa gawo lalikulu la magetsiwo. Ngakhale tinalandira ufulu mu 1975, gawo lalikulu la kampaniyo linakhalabe m'manja mwa dziko la Portugal kwa zaka zina 32. Linabwera m'manja mwa Moçambique pa 27 Novembala 2007, ndipo bwalo la mpira la ku Songo limatchedwa ndi tsiku lomwelo, Estádio 27 de Novembro. Choncho chikho chinafika ku Songo patapita zaka 10 chibwerereni damu.

Pamenepa ndi pamene ine ndimasiyana ndi malume anga. Ndalama zimene zinalipira osewerawo zinachokera m'madzi a Zambezi, ndipo ena mwa madzi amenewo ndi mvula yogwa m'chigawo chino, yotsika ndi mitsinje yake. Kwa zaka zambiri chuma cha Tete, kaya magetsi, kaya malasha a ku Moatize, kaya mbatatesi, nyemba ndi fodya wa kuno kumtunda, chakhala chikutuluka kupita kwina, dzina la Tete osamveka. M'chaka cha 2017 kanthu kena kanabwerera. Munthu wa ku Maputo amene amaganiza kuti Tete ndi dzuwa ndi mbuzi basi anakakamizika kutchula dzina la tauni ya kwathu sabata ndi sabata, ndipo analitchula ili pamwamba pa timu yake. Munthu akhoza kunena kuti zimenezo sadya. Ndi zoona, sadya. Koma amene anakhalapo wothawa nkhondo m'dziko la eni, kuima pa mzere wolandira ufa ndi khadi m'manja, amadziwa kuti dzina la kwanu likatchulidwa mwaulemu mtima umakhuta mwa mtundu wina.

Tsiku limene Songo inatsimikizika kukhala akatswiri a dziko, m'mudzi mwathu simunachitike zazikulu. Kunalibe magalimoto oliza mahutala monga tinamva kuti zinachitika ku Tete. Anyamata anathamanga ndi njinga kuzungulira msika akuliza mabelu, amayi ogulitsa tomato anafunsa ngati kwabwera mlendo wa boma, ndipo mwini golosale anagawa masiwiti kwa ana amene ankatimasulira. Mdzukulu wanga wina, mwana wa mchemwali wanga, analemba mawu oti Songo ndi makala kumbuyo kwa malaya ake a sukulu ndipo amayi ake anamukalipira. Mwana ameneyu anabadwira kuno, sadziwa msasa wa othawa nkhondo, ndipo aka kanali koyamba kumuona akunyadira chinthu cha dziko lake popanda mphunzitsi kumuuza kuti aimbe. Malume nawo sanatsale ndi njala, pakuti kumapeto kwa chaka chomwecho Wanderers inatenga ligi ya ku Malawi, imene inali itaitenga komaliza mu 2006. Anayenda mudzi wonse kutiuza kuti chaka chawakomera iwo kuposa ife.

Koma pali mbali ina ya chaka chimenechi imene anthu sakonda kuikumbuka. Pamene Songo inali pamwamba, Chingale ya mu mzinda wa Tete inali kumunsi, ndipo ligi itatha inatuluka mu Moçambola pamodzi ndi matimu ena awiri. Chingale ndi timu imene anthu wamba a mu mzindamo ankaitcha yawo, oyendetsa njinga zamoto, ogulitsa pamsika, ana a sukulu. Chigawo chimodzi, chaka chimodzi, kwina nthungululu kwina maliro. Apa tikuphunzirapo kuti mu ligi yoyenda pa ndege, timu yopanda thumba lozama siikhalitsa, ngakhale ochemerera ake atadzaza bwalo. Osewera amafuna malipiro pa nthawi yake, chakudya, mankhwala akavulala ndi malo ogona. Timu imene ili ndi zimenezi imakopa osewera abwino, ndipo ngakhale anyamata a ku Malawi, monga John Banda m'zaka za pambuyo pake, anawoloka malire kukasewera ku Songo. Kale maso athu ndiwo ankawoloka kupita ku Blantyre, tsopano miyendo ya osewera awo inayamba kuwolokera kuno.

Songo inaonetsa kuti 2017 sinali mphumi chabe. Inatenganso ligi mu 2018 ndi mu 2022. M'chaka cha 2018 inakumana ndi TP Mazembe ya ku Congo mu mpikisano wa akatswiri a mu Africa. Inagonja 4–0 ku Lubumbashi, ndipo pa masewero achibwereza inapambana 3–0, kutuluka chifukwa cha chigoli chimodzi chokha pamaso pa timu imene yatengapo chikho cha Africa kasanu. Chiquinho Conde naye anakwera, mu 2021 anapatsidwa timu ya Mambas ndipo anaifikitsa ku chikho cha Africa chimene chinachitikira ku Côte d'Ivoire kumayambiriro kwa 2024. Njira yake yopita kumeneko inadzera pa phiri la ku Songo.

Tsopano tibwerere ku funso la malume, pakuti theka lake silinayankhidwe. Wa ku Dómuè ndi uti? Wa ku Furancungo ndi uti? Palibe munthu angandiuze kuti ana a kuno sadziwa mpira. Pitani pa bwalo lililonse la sukulu madzulo, mukaona mwana wopanda nsapato akuchita ndi chikulunga zinthu zoti munthu n'kugwira pakamwa. Kuno kumtunda n'kozizira, chakudya chilipo, ana amakula ndi mphamvu zokwera mapiri. Chimene chikusowa ndi njira yochokera pa bwalo la m'mudzi kukafika pamene aphunzitsi a matimu akuluakulu angamuone. Mwana akafika zaka 16 kapena 17, mpira umathera pompo. Wina amakwatira, wina amapita ku fodya, wina amayamba kabaza pa malire, wina amawoloka kukasaka ganyu ku South Africa. Luso lija limatsala m'nkhani za pa mowa, zoti uyu akadapitiriza akadafika patali.

Zina mwa zimenezi si ife tingazikonze, ndi za akuluakulu oyendetsa mpira m'chigawo ndi m'dziko. Koma zina zili m'manja mwathu, ndipo fodya wako ndi amene ali pamphuno. Choyamba ndi bwalo lenilenilo. M'midzi ingapo imene ndayendamo, bwalo limene ife tinkaseweramo titabwera kuchokera ku Malawi lero ndi munda wa chimanga kapena lagawidwa mapuloti. Kwina golo imodzi ilipo, inayo pali maziko a nyumba. Mafumu athu ndi makomiti a sukulu, chonde, malo a mpira alembedwe ndi kudziwika malire ake monga timachitira ndi manda kapena chitsime. Bwalo likapita silibwerera.

Chachiwiri ndi mipikisano yathu ya m'midzi. Timaiona nthawi ya chisankho, wina akabwera ndi mpira ndi mayunifomu, kenaka zii mpaka zaka zisanu. Mpikisano wa midzi isanu ndi itatu safuna ndege. Umafuna kope lolembamo zigoli, wezulo, mpira iwiri, oyimbira amene onse amukhulupirira, ndi akuluakulu oti ndewu ikabuka aiweruze. Alimi a mbatatesi m'mudzi umodzi atasonkha thumba limodzi lokha pa nyengo yokolola, mpira ndi mphotho zapezeka. Chofunika n'chakuti uchitike chaka ndi chaka pa nthawi yodziwika, titakolola, kuti ngakhale munthu wofuna osewera kuchokera ku Tete adziwe mwezi wobwera kudzaona.

Chachitatu ndi sukulu. Mwana amene akufuna kusewera mu Moçambola ayenera kumva Chipwitikizi, kuwerenga pepala la mgwirizano asanalisayine, ndiponso kukhala ndi zikalata zake za kubadwa zolondola. Ambiri a ife makolo timazengereza kulembetsa ana, ndipo mwana wopanda chikalata sangalembedwe mu timu iliyonse yovomerezeka, ngakhale atakhala ndi mwendo wagolide. Masewero a ana a sukulu ndiwo khomo loyamba lotulukira m'boma kupita ku chigawo, tsono amene wasiya sukulu wadzitsekera yekha khomolo. Ndipo ponena ana ndikunena atsikana omwe, pakuti nawonso masiku ano akumenya mpira ndipo dziko lili ndi timu yawo.

Sindikuuza munthu aliyense kuti asiye Bullets kapena Wanderers. Matimu amenewo anatisangalatsa pa nthawi imene tinalibe china chotisangalatsa, ndipo amene anakusunga pa njala sumutukwana utakhuta. Munthu wa kumalire ali ndi makutu awiri, lina limva Blantyre, lina limva Tete, ndipo m'thumba mwake mumakhala kwacha ndi metikali. Ndi mmene tilili. Chimene chaka cha 2017 chinatiphunzitsa n'chakuti chikho cha dziko lino si cholowa cha anthu a ku Maputo okha. Chinakwera phiri la ku Songo katatu m'zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo chikudziwa tsopano njira ya ku Tete.

Akulu akale anati m'mera mpoyamba. Mwana amene adzavale malaya a Songo, a Chingale kapena a Mambas zaka khumi zikubwerazi ali pakati pathu lero, mwina ndi yemweyo mwamutuma kukadyetsa mbuzi m'mawa uno. Madzulo akabwerako mulekeni apite ku bwalo, mawa mumudzutse apite kusukulu, ndipo mfumu ikaitanitsa msonkhano wokambirana za malo, mukaime ndi kunena kuti bwalo la mpira lisakhudzidwe.